Galimoto yobweretsa katundu wa ku Joni pa Ulongwe

Kwa zaka zinayi tsopano banja lathu lakhala likulandira katundu kudzera mwa bambo wina amene amayendetsa galimoto yokoka ngolo pakati pa Johannesburg ndi Ulongwe, ndipo popeza anzanga a ku Domwe ndi ku Tsangano amandifunsa ngati njirayi ndi yodalirika, ndalemba zimene ndaona. Achimwene anga, amene amatitumizira katunduyu, ananyamuka kupita ku Joni chaka chimene mbatatesi inatiwolera m'munda posowa ogula, ngongole ya feteleza ili pakhosi, ndipo mpaka lero sanapondenso pakhomo.

Galimotoyi imadzera ku Beitbridge ndi ku Harare, n'kulowa m'dziko muno la Mozambique pa Cuchamano, kenaka imadutsa Changara, kuwoloka Zambezi pa Tete, kupitirira Moatize ndi kukhotera pa Mussacama kukwera mapiri a Angónia. Bamboyu amalonjeza masiku anayi, koma nthawi zambiri imakwana sabata chifukwa cha mizere ya pamalire, ndipo pa chimenechi sindimuimba mlandu. Chikwama chilichonse amachilemba m'kope, amachijambula ndi kutumiza chithunzi pa WhatsApp asananyamuke, moti pa katundu wathu sipanasowepo ngakhale sopo. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ngakhale wotumiza amalipiratu m'marandi, pofika kuno nthawi zina amatiuza kuti tiwonjezere mametikali a msonkho popanda kutionetsa lisiti. Ulendo wina mafuta ophikira anatayikira pa mabulangete a ana, ndipo anabweza theka lokha la mtengo wake titakambirana kwa nthawi yaitali.

Komabe chimene chimatisunga kwa iye ndi khalidwe lake pa tsiku lofika. Amayi, akazi ndi ana a anthu amene ali ku Joni amasonkhana pafupi ndi msika kuyambira m'mamawa, ena atayenda pansi kuchokera kumidzi. Mayi anga sathamangira chikwama. Amayamba amugwira dzanja n'kufunsa kuti, "Bambo, mwamuona ndi maso anu mwana wangayo? Kodi sanaonde?" Iye, ngakhale atatopa chotani, amakhala pansi n'kufotokoza kumene anakumana, malaya amene anavala ndi mawu amene ananena, ndipo amachita chimodzimodzi kwa aliyense mpaka mzere utatha. Mwana wa achimwene, amene anasiyidwa ali kumsana, amaima pambali kumvetsera nkhani za munthu amene amangomudziwa pa foni.

Agogo athu ankapita kumigodi ndi Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku Joni, pangano likatha n'kubwerera. Anyamata a masiku ano ambiri alibe mapepala okwanira, choncho amaopa kuti akawoloka malire sadzathanso kubwerera kuntchito, n'chifukwa chake zikwama zimabwera koma eni ake ayi. Ngolo yomweyi ndinaionapo itanyamula bokosi la maliro a mnyamata wa m'mudzi woyandikana nafe, ndipo bamboyu anaperekeza mpaka kumanda.

Pobwerera amalandiranso timaphukusi ta kuno pa mtengo wochepa. Amene akufuna kumutuma agwirizane naye za msonkho galimoto isananyamuke, ndipo zamadzimadzi azimange pazokha. Ife mwezi uno tawakonzera kale achimwene nyemba, mfutso wa nkhwani ndi kapenta wa ku Cahora Bassa, pamodzi ndi kope la kusukulu limene mwanayo walembamo dzina la bambo ake koyamba.