Ndemanga yanga nditaitanitsa kanayi mankhwala a amayi kuchokera ku Lilongwe

Ndimakhala ku Salima, chakufupi ndi Kamuzu Road, ndipo ndimasamala amayi anga omwe ali ndi BP komanso shuga. Tsiku lililonse amamwa amlodipine ndi metformin. Kawirikawiri timalandira kuchipatala, koma miyezi ina timabwerako ndi kabuku kokha, atatiuza kuti tikagule. Ndi mmene ndinayambira kuitanitsa pa WhatsApp ku famase ina ya ku Lilongwe. Pano ndaitanitsako kanayi, ndipo ndikuwapatsa nyenyezi zinayi pa zisanu.

Tsiku loyamba anandikwiyitsa. Nditalemba mayina a mankhwala, ndinkayembekeza kuti anditumizira nambala yolipirira basi. Iwo anati nditumize kaye chithunzi cha tsamba la kabuku ka kuchipatala pomwe adokotala analemba, dzina la amayi, tsiku ndi mlingo zioneke bwino. Mapiritsi anali atatsala a masiku atatu, mtima uli m'mwamba, ndiye ndinaona ngati akungondichedwetsa. Nditatumiza, anandiimbira bambo wina yemwe anati ndi katswiri wa mankhwala pa famasepo.

"Mayi, pepani pokutayitsani nthawi. Kodi amayi anuwo pali china chomwe akumwa? Ngakhale zitsamba kapena mankhwala opha ululu, ndiuzeni."

Ndinawauza kuti mawondo akamawawa ndimawagulira brufen kugolosale. Bamboyo anandifotokozera modekha kuti brufen amatha kukweza BP ndi kuvulaza impso, makamaka kwa munthu wamkulu yemwe alinso ndi shuga, ndipo anati ndikawauze adokotala tsiku la sikelo. Miyezi yonse ija ndinkawapatsa amayi mankhwala amenewo ndi manja angawa, ndikuyesa ndikuwathandiza. Kuyambira foni imeneyo ndinasiya kuona mafunso awo ngati chovuta.

Chomwe ndimachitira mantha n'chakuti chaka chatha ndinapsapo kale. Ndinaona pa Facebook munthu akutsatsa mankhwala oti amathetseratu shuga m'masabata awiri. Ndinatumiza ndalama pa nambala ya munthu wamba, ndipo chomwe chinafika ndi kabotolo kopanda chizindikiro chilichonse, kopanda ngakhale dzina la amene anapanga. Amayi sindinawapatse, ndinakataya kuchimbudzi. Pambuyo pake ndinadzamva kuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, pafupifupi mankhwala amodzi pa 10 alionse amakhala achinyengo kapena osafika pa muyezo. Poona mapiritsi ndi maso sungadziwe.

Choncho ulendo uno ndisanalipire ndinafunsa za chiphaso. Kuno kwathu malo ogulitsa mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA mwachidule, lomwe linabwera ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Sanakhumudwe ndi funso langa. Anajambula chiphaso chomwe chili pakhoma, nanditumizira, ndipo anandiuzanso pomwe shopu yawo ili. Achimwene anga omwe amagwira ntchito ku Lilongwe anadutsako pa nthawi ya nkhomaliro n'kupeza kuti famaseyo ilikodi. Ndinalipira pa Airtel Money ku nambala ya bizinesi yooneka dzina lomwelo lili pachiphaso. Mpamba amalandiranso.

Mankhwala amafika m'mabokosi ake enieni, osati m'timapepala tomatula. Ndimayang'ana nambala ya batch (yosonyeza gulu la mankhwala omwe anapangidwira limodzi) ndi tsiku lotha mphamvu pabokosi, kenaka pa kapepala konyezimira komwe kamakuta mapiritsi, ndipo maulendo onse anayi zagwirizana. Amamata kapepala kolemba kamwedwe, lisiti limakhalanso momwemo.

Nyenyezi imodzi ija ndawachotsera chifukwa cha mu Okutobala. Analonjeza kuti katundu afika Lachiwiri, koma anafika Lachinayi madzulo, ndipo tsiku lonse Lachitatu foni sinkayankhidwa. Kuchokera ku Lilongwe kufika kuno ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 okha pa msewu wa M14. Wakabaza atandipatsa phukusi, linali lofunda ngati lachoka pa dzuwa. Pabokosi pamalembedwa kuti mankhwalawo asungidwe pamalo osapitirira madigiri 30, ndipo aliyense wa kuno akudziwa mmene Salima amatenthera mvula isanagwe. Ndinadandaula. Anapepesa, nanena kuti phukusi linagona kwa otumiza katundu, ndipo ulendo wotsatira anatumiza m'mamawa, n'kufika tsiku lomwelo. Komabe munthu wodikira mankhwala a kholo lake ayenera kuyankhidwa foni, zinthu zivute zitani.

Mtengo wa mankhwalawo sukusiyana kwambiri ndi wa m'mafamase a kuno, koma ukawonjeza yotumizira ndi ya kabaza imakwera ndithu. Ine ndimaitanitsa pokhapokha kuno akasowa.

Pali zina zomwe anakana, ndipo ndikuona kuti anachita bwino. Nditadwala chifuwa ndinapempha kuti aponyemo amoxicillin, iwo anati popanda kalata ya dokotala ayi. Aneba anga anafunanso kuti ndiwaitanitsire insulin, jekeseni wa odwala shuga, koma anayankha kuti ameneyu amafunika kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8 asanatsegulidwe, ndiye satumiza popanda bokosi la ayezi ndi munthu wodziwika wonyamula. Ndionjezepo langa: mwana akatentha thupi kuno kunyanja, musataye nthawi ndi foni, thamangani naye kuchipatala akamuyeze malungo.

Amayi ali ndi tsiku lokaonana ndi adokotala sabata yamawa. Akawalembera mankhwala omwewo ndipo kuno akapanda kupezeka, ndiitanitsanso komweko, koma kukadali masiku 10 kuti omwe ali nawo athe.