Telala wa kuseri kwa msika pa Nchalo, diresi yanga ya chinkhoswe

Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti diresi ndinavala pa chinkhoswe cha mng'ono wanga ku Bangula ija ndinasoketsa kuti, ena mpaka kumati ndinakwera mtunda kukasoketsa ku Blantyre. Ayi ndithu, ndi pompano pa Nchalo, kwa amayi ena ake omwe ali ndi kashopu kuseri kwa msika, makina ali pakhonde pomwepo. Dzina sinditchula koma mukafunsa a kabaza akufikitsani.

Nsalu ndinabwera nayo ndekha, zitenje ziwiri zogula ku Limbe. Atangoigwira anaitikita ndi zala nkundifunsa kuti "asisi, mwambowu uli mwezi wanji?" Ndinati Okutobala, iwo kuseka. Akuti sitayilo mwandionetsa pafoniyi ndi ya anthu a kozizira, ndikakuikirani layining'i yoterera ija thupi lonse ndi dzuwa la kuno kuchigwa mupsa ngati mbatata ya mumphika. Ine ndinakakamira pang'ono poti chithunzicho ndinachikonda, koma anandigonjetsa, layining'i anaika ya kotoni pachifuwa pokha, manja anawamasula kuti mphepo idzilowa. Tsiku la chinkhoswe anzanga ovala zothina aja thukuta linali kamukamu mpaka pawuda kusungunuka, ine ndikungovina bwinobwino. Pamenepo pokha ndalama yanga sinapite pachabe.

Makina ali atatu, awiri a Butterfly opalasa ndi mapazi ndi ovaloku (makina osokera m'mphepete mwa nsalu kuti isamasosoke) imodzi ya magetsi yomwe imangokhala magetsi akazima, ayironi ndi ya makala. Chomwe chinandikhazika nthawi yaitali pabenchi paja ndi atsikana atatu omwe akuphunzira ntchito. Mmodzi anachitako kosi ya TEVETA, awiriwo akuphunzira pamanja pa mayiwo basi. Miyezi yoyamba palibe zogwira sizasi pa nsalu ya kasitomala, ntchito yako ndi mabatani, kupinda mpendero, kukoleza makala ndi kusita. Kudula amayambira pa mapepala a matumba a simenti, ndinaona wina akujambula kolala ndi choko kachitatu konse mayi akungopukusa mutu osayankhula, mpaka ine chisoni.

Pocheza anandiuza kuti ntchitoyi ili ndi nyengo ngati ulimi. Seputembala ndi mayunifolomu a sukulu mpaka kugona pamakina, Disembala ndi za Khrisimasi ndi maukwati, komanso kumapeto kwa mwezi a ku esiteti ya nzimbe akalandira pamakhala podzaza. Koma Januwale ndi Febuluwale anthu akamasaka chimanga ndani angasoketse diresi, amangodya za zigamba ndi kuchepetsa kaunjika. Akuti kaunjika yemweyo ndi amene anawalanda makasitomala koma ndi yemwenso amawadyetsa miyezi ya njala, thalauza la mzungu wamtali silingakwane munthu osadutsa kwa telala. Ulusi, mazipi ndi singano zonse amakapikula ku Limbe, ndiye chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthuzi sizinatsikenso, musadabwe mtengo wosoketsa ukakhala wokwererapo kuposa kale. Ine chimandiwawa nchoti thonje timalima tokha kuno ku Ngabu ndi Chikwawa konse koma zitenje zambiri zovala timagula zochokera kunja, kaya zimenezi tizitchula kuti chani.

Tsopano zoipa zake, poti sindinabwere kudzangoyamikira. Nthawi sasunga. Anandiuza Lachitatu, ndinapita Lachitatu akuti mawa, Lachinayi akuti magetsi kunalibe ovaloku sinayende, diresi ndinaitenga Lachisanu dzuwa likulowa chinkhoswe chili mawa lake, mtima uli m'mwamba komanso ndalama ya kabaza katatu. Nditayesa zipi ya kumsana inali yokhota, anasoka ndi mmodzi wa ophunzira aja. Chomwe ndinakonda nchoti mayi sanakane kapena kumukalipira mwanayo pamaso panga, anangotenga lezala nkusomola okha, nkumuitana kuti aime pambali aone m'mene amaigonekera zipi isanapite pamakina, mphindi makumi awiri zatheka. Poyesera zovala ndiye ayi, ndi chitenje chongopachika pakona, kalilole wake wosweka mbali imodzi, mphepo ikawomba umagwira chitenjecho ndi dzanja limodzi anyamata a kabaza ali panja pomwepo. Apa akonzepo ndithu.

Dipoziti amafuna theka, amalandira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo zotsala za nsalu amakubwezera osachita kufunsa, zanga zinakwana duku ndi kasiketi ka mwana.

Sabata ya mawa ndikupititsa mathalauza awiri a bambo a kunyumba oti achepetse, komanso nsalu ya ukwati wa Disembala. Ukwatiwo uli pa 20 koma mayiwo ndikawauza kuti uli pa 10.