Wopanga mafelemu pafupi ndi Taifa anayamba wandifunsa za sofa

Titasamukira ku Katoto mu Mzuzu, ndinakhoma pabalaza chithunzi cha asodzi ali m'bwato chomwe ndinagula ku Nkhata Bay. Kukula kwake ngati pepala la A4 basi. Pamwamba pa sofa wokhala anthu atatu chinkangomira, moti apongozi atabwera anachita kudzuka n'kuyandikira kuti aone ngati ndi bwato kapena ng'ona.

Ndiye ndinapita kwa bambo ena opanga mafelemu ndi kugulitsa zojambula pafupi ndi msika wa Taifa. Ine maso anali pa chachikulu kuposa zonse. Iwo anangoti, "Mayi, sofa wanuyo ndi wotalika bwanji? Kayezeni kaye, ndalama sithawa." Ndinabwerera chimanjamanja, mtima ukuwawa pang'ono chifukwa cha ya kabaza.

Sofa anakwana masentimita 210. Iwo anati chithunzi chitenge magawo awiri mwa atatu a sofayo, ndiye kuti cha m'ma 140, ndipo pakati pa msana wa sofa ndi felemu pasiyidwe masentimita 20, kuti wokhala pansi asamagunde mutu. Anandiuzanso kuti ndilumikize manyuzipepala akale pa muyezo womwewo, ndimate pakhoma, ndikhale nawo masiku awiri. Bambo a kunyumba anaseka, koma ndi iwo omwe anaona kuti chachikulu chija chikanaphimba switchi ya magetsi.

Chomwe ndinawakondera kwambiri n'chakuti amaidziwa nyengo ya Mzuzu. Makoma a kuno amagwira chinyezi, makamaka mu Juni chifunga chikamagona m'tauni. Kuseri kwa felemu anamatako timatabwa tiwiri kuti mphepo izidutsa, nkhungu isadye nsalu. Felemuyo ndi ya paini, yopepuka, misomali iwiri ikukwanira.

Pa nthawi pokha ndiye ayi. Anati Lachisanu, katundu anatuluka Lachitatu la sabata yotsatira, foni ikungoitana. Ngodya imodzi sinalumikizane bwino, ukayandikira kampata kamaoneka. Ndinawaonetsa, anadzathirapo guluu okha osalipiritsa.

Mukapita, tengani muyezo wa khoma ndi wa mipando papepala, ndipo musawauze tsiku lenileni la alendo anu. Asodzi aja ndawasamutsira pakakhoma kopapatiza ka pakati pa khitchini ndi bafa, ndipo pamenepo bwato likuoneka kuti ndi bwato.