Malata akuda, malata oyera kapena udzu: denga lomwe likundidyera mayunitsi

Anzanga amene akumanga amangondifunsa za denga, ndiye ndiyankhe kamodzi pompano. Ndimakhala ku Nchalo. Kuno kutentha tinakuzolowera, koma zaka zino kwanyanya. Mu Okutobala 2023 a zanyengo anachenjeza kuti m'chigwa cha Shire kufika madigiri 44.

Udzu ndi wozizira, palibe angatsutse. Kwa agogo masana umagona tulo tofa nato. Koma chiswe, moto ndi kufolera chaka ndi chaka zinandigwetsa ulesi. Matailosi a simenti ndi olemera, amafuna matabwa ambiri, thumba langa silinafikeko.

Mkwiyo wanga uli pa malata a IBR opaka utoto wakuda. Ndinawagula chifukwa amaoneka bwino ukamadutsa mumsewu, ndipo ndalama ya siling'i inathera pomwepo. Wogulitsa sanandiuze kuti chakuda chimamwa dzuwa, kenako lata n'kumalavulira kutentha konseko pamutu pako. Ikamakwana 2 koloko masana, m'nyumba mumakhala ngati mu uvuni ya njerwa. Kandulo yomwe inali pashelefu ndinaipeza itapindika yokha. Khoma limasunga kutenthako mpaka pakati pa usiku, ana n'kumakagona pakhonde, udzudzu n'kumachita nawo phwando.

Mtengo weniweni wa malatawa ndikuulipira pa mita. Fani imazungulira usiku wonse, filiji siipuma, mayunitsi omwe ankatifikitsa kumapeto kwa mwezi pano amatha pakati. Ndiye magetsi akazima, ngati mmene zinalili namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, faniyo imangokuyang'ana.

Aneba anga a Phiri anafolera ndi malata oyera wamba, anaika siling'i, n'kusiya mipata yoti mpweya wotentha uzitulukira m'mwamba. Kumadzulo kwa nyumba kuli mtengo wa mango. Ndikalowa kwawo masana ndimachita manyazi kutsanzika.

Za geji, nambala yosonyeza kukhuthala kwa lata, musapusitsidwe: nambala ikamakwera, lata limapyapyala. Geji 32 ndi yotchipa, koma mphepo ya mvula zamasiku ano imaipinda ngati pepala. Tengani 28 ndipo mmisiri asaumire misomali.

Ine ndikanati ndiyambirenso, ndikanagula oyera a geji 28, siling'i n'kuika tsiku lomwelo ngakhale pansi pakhale popanda matailosi. Panopa ndagula zigubu ziwiri za penti yoyera, mnyamata akwera padenga Loweruka.