Leopard 45: boti lokoma kukhalamo, koma silikuchenjezani mphepo ikakula

Wofuna boti lothamangira mpikisano asataye nthawi ndi Leopard 45. Koma ngati mukufuna boti loti anthu 6 kapena 8 agonemo milungu ingapo, kuphika ndi kusamba momasuka, n'kumachoka pachilumba china kupita china mbale zili phee patebulo, ili ndiye lake. Ife tikulipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Nyenyezi yosowayo yapita chifukwa cha mmene limayendera molimbana ndi mphepo, komanso chifukwa chilichonse chofuna kukonzedwa chili pawiri.

Botili ndi catamaran, kutanthauza boti la matupi awiri olumikizidwa pakati, yopangidwa ndi kampani ya Robertson and Caine ku Cape Town, ndipo analijambula ndi a Simonis Voogd. Mukalibwereka ku kampani yobwereketsa maboti ya The Moorings mulipeza likutchedwa Moorings 4500, ku Sunsail ndi Sunsail 454, koma thupi ndi lomwelo. M'litali ndi mamita 13.72, m'lifupi mamita 7.35, ndipo limalowa m'madzi pafupifupi mita imodzi ndi theka. Mlongoti umafika pafupifupi mamita 21 kuchokera pamadzi, choncho musanadutse pansi pa mlatho kapena mawaya amagetsi yambani mwaona pamapu. Injini ndi ziwiri za Yanmar, iliyonse ya mphamvu za akavalo 45. Matanki amatenga dizilo malita 700 ndi madzi akumwa malita 780. Liripo la zipinda zitatu, momwe thupi lonse lakumanja ndi la mwini boti, ndi la zipinda zinayi lomwe makampani obwereketsa amakonda.

Chomwe anthu amagulira botili ndi khonde lakutsogolo. Kuchokera pabalaza pali chitseko chotulukira molunjika kutsogolo, komwe kuli mipando pansi pa denga. Mukaponya nangula boti limayang'ana komwe mphepo ikuchokera, ndiye mukatsegula chitsekocho pamodzi ndi chakumbuyo mpweya umadutsa pabalaza ponse. Kumalo otentha ngati Seychelles kapena British Virgin Islands mumatha kugona osayatsa makina oziziritsira, kutanthauza kuti jenereta imapuma ndipo dizilo amatsala. Wopita kukasamalira nangula sayeneranso kuzungulira m'mbali mwa boti. Ena amaopa kuti khondelo lingadzaze madzi funde likaswekera kutsogolo. Mabowo otulutsira madzi ndi aakulu ndithu, koma amagwira ntchito ngati sanatsekedwe ndi makushoni, nsapato ndi zingwe. Nyanja ikayamba kuvuta chotsani zonsezo, tsekani chitseko ndi zogwirira zake zonse. Labala wa m'mphepete mwa chitseko muzimutsuka ndi madzi opanda mchere n'kumupaka girizi wa silicone. Mchere ukaumirapo, labalayo amauma n'kuyamba kudontheza.

Tsopano mayendedwe ake. Mphepo ikamachokera m'mbali pa liwiro la ma knot 15, boti losalemedwa limayenda ma knot 7 mpaka 8 mosavuta. Knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Pa ulendo wautali wa mphepo yabwino, werengerani mamailosi a panyanja 150 mpaka 170 pa maola 24, osati ziwerengero zomwe ogulitsa amakonda kutchula. Mphepo ikatsika pansi pa ma knot 8, thanga lalikulu ndi genoa (thanga lakutsogolo) sizikwanira, boti limangokwawa pa ma knot 3 kapena 4. Apa mpofunika thanga lopepuka la Code 0 kapena spinnaker, apo ayi muziyatsa injini tsiku ndi tsiku.

Kupita komwe mphepo ikuchokera ndiko kufooka kwake. Pansi pa matupi pali zipsepse zazifupi zosasuntha, zabwino pa madzi osaya komanso poteteza tsigiro, koma sizigwira madzi ngati chipsepse chakuya cha boti la thupi limodzi. Mukalikakamiza kuloza pafupi kwambiri ndi mphepo, liwiro limagwa ndipo boti limayamba kutsetsereka cham'mbali. Ndi bwino kulipatsa mpata, madigiri 50 mpaka 55 kuchokera ku mphepo yeniyeni (yomwe mungaimve boti litaima), kuti lithamange. Pokhota kudutsa mphepo, yambani mwapeza liwiro la ma knot osachepera 5, pindani chiwongolero mosadukiza koma osati mwadzidzidzi, siyani genoa igwire mphepo mbali yolakwika kwa kamphindi kuti ikankhe mphuno, kenako imasuleni n'kukoka mbali inayo. Masulaniko pang'ono chingwe cha thanga lalikulu. Mukachisiya cholimba, thangalo limabweza mphuno ku mphepo ndipo boti limangoima pakati.

Pa mafunde aafupi ndi ochindikala, ngati a mwera pa nyanja ya Malawi, madzi amamenya pansi pa balaza pakati pa matupi awiriwo. Phokoso lake limamveka ngati mwagunda chinthu, ndipo ogona m'zipinda zakutsogolo sapeza tulo. Zimenezi mudzakumana nazo ndithu pakati pa Richards Bay ndi gombe la Mozambique, mphepo yakumwera chakumadzulo ikamalimbana ndi mkokomo wa madzi wotsikira kumwera. Mankhwala ake ndi atatu: patukani madigiri 10 mpaka 15, chepetsani liwiro, ndipo chotsani katundu wolemera m'mphuno.

Nkhani yaikulu, yomwe tikufuna aliyense wochokera ku boti la thupi limodzi aimvetse, ndi yochepetsa thanga. Boti la thupi limodzi mphepo ikakula limapendekeka, mpweya wina umataika pamwamba pa thanga, ndipo aliyense m'botimo amadziwa kuti zinthu zasintha. Leopard 45 silipendekeka. Mphepo ikhoza kukwera kuchoka pa ma knot 15 kufika 25 anthu akumwa tiyi osazindikira kanthu, pomwe mphamvu yonseyo ikupita ku mlongoti, mawaya ake, mapule ndi zingwe. Ndipo mphamvu ya mphepo simakula mofanana ndi liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kumawirikiza kanayi. N'chifukwa chake pa botili thanga limachepetsedwa poona manambala a pa chida choyezera mphepo, osati podikira kumva m'thupi. Buku la mwini boti lili ndi tchati chake ndipo muchitsate. Ife timachepetsa koyamba mphepo yomveka pa boti likuyenda ikafika ma knot 18 mpaka 20, kachiwiri cha m'ma 25, kachitatu ikapitirira 30, ndipo genoa timaikulunga mogwirizana. Dzuwa likamalowa timachepetseratu gawo limodzi kuposa lomwe mphepo ikufuna. Mumataya theka la knot basi.

Poyenda motsatana ndi mphepo mpamene anthu amanyengeka kwambiri. Boti likamathamanga ma knot 8 mphepo ili kumbuyo, chida chimaonetsa ma knot 17 pomwe mphepo yeniyeni ndi 25. Mukangotembenuka kuti muchepetse thanga, 25 yonseyo kuphatikiza liwiro lanu ikugwerani. Muziyang'ana nambala ya mphepo yeniyeni.

Kachepetsedwe kake n'kosavuta chifukwa zingwe zonse zimafika pa chiwongolero, chomwe chili pamalo okwera mbali yakumanja. Lozani madigiri 40 mpaka 50 ku mphepo, genoa ikhale ikukoka kuti boti lisaime. Masulani chingwe cha thanga lalikulu mpaka thanga liyambe kupupa. Tsitsani chingwe chokwezera thanga mpaka pa chizindikiro, chomwe muyenera kulembapo ndi inki yosafufutika mukadali padoko. Kokani chingwe chochepetsera, limbitsaninso chokwezera, kenako malizani chochepetseracho. Musaiwale kukokera zingwe zochepetsera zotsalazo, chifukwa zikalendewera zimakola pa ngodya ya denga kapena pa khosi la munthu. Winch yamagetsi (makina okokera zingwe) ndi yothandiza kwambiri pokweza thanga lolemerali, koma ilibe chisoni: chinthu chikakola imangopitiriza kukoka mpaka nsalu ing'ambike. Dinani pang'onopang'ono maso ali kumwamba, ndipo mita yomaliza mupukuse ndi dzanja. Chomwe chimakola kawirikawiri ndi nsonga za timitengo tolimbitsa thanga, zomwe zimalowa mu zingwe zogwira thanga m'mbali ngati mphuno sinaloze ndendende ku mphepo.

Mlongoti ulibe waya wakumbuyo, umagwidwa ndi mawaya am'mbali opendekera kumbuyo. Zotsatira zake n'zakuti simungatsegule thanga lalikulu kwambiri mphepo ili kumbuyo. Likagona pa mawayawo limakhuzika, ndipo pa ulendo wa masiku ambiri pamabooka. Matani zigamba pamalo okhudzanawo, ndipo m'malo moloza ndendende kumene mphepo ikupita, yendani mokhotakhota pa madigiri 150 mpaka 160.

Padoko botili ndi losangalatsa. Ikani chiwongolero pakati, chimangeni, n'kuyendetsa ndi injini zokha: ina kutsogolo ina kumbuyo, boti limazungulira pamalo amodzi. Chovuta ndi mphepo yam'mbali, popeza thupi ndi lalitali ndipo pansi palibe chogwira madzi kwenikweni. Mphepo yakumwera chakum'mawa ya ku Cape Town m'chilimwe ikhoza kukukankhirani pa boti la mnzanu musanaponye chingwe. Kuchokera pa chiwongolero mbali yakumanja imaoneka bwino, koma ngodya yakumbuyo kumanzere imabisika, choncho ikaniko munthu wokuuzani mtunda. Dziwaninso kuti madoko ambiri amalipiritsa catamaran kuposa boti la thupi limodzi la utali womwewo, ndipo si malo onse okonzera maboti omwe ali ndi makina otha kunyamula boti la mamita 7.35 m'lifupi. Funsani musanapite.

Poponya nangula, tayani tcheni kutalika kanayi kapena kasanu kuyerekeza ndi kuya kwa madzi, mutaphatikiza mtunda wochoka pamadzi kufika pomwe tcheni chikutulukira ndi kukwera kwa nyanja. Kenako kolani zingwe ziwiri zochokera ku mphuno zonse ziwiri, n'kumasulanso tcheni kuti kulemera kukhale pa zingwezo osati pa makina okokera. Popanda zimenezi boti limayendayenda uku ndi uku usiku wonse. Pokweza, injini zikhale zikulira chifukwa makinawo amadya batire kwambiri, ndipo wina azisalaza tcheni m'bokosi lake. Chikaunjikana chimatseka bowo n'kuimitsa makina nangula ali lendelende.

Injini zake za Yanmar 4JH45 ndi zachete komanso zosadya mafuta. Panyanja yabata timayendera imodzi pa 2,200 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi), yomwe imamwa pafupifupi malita 3 pa ola n'kupereka ma knot 5 ndi theka, ndipo timasinthanitsa kuti maola afanane. Mukasunga malita 100 apadera, otsalawo angakufikitseni mamailosi oposa 1,000 ngati pansi pa boti palibe ndere. Koma ndi injini za common rail, zopopera dizilo mwamphamvu kwambiri, ndipo sizipirira dizilo wakuda kapena wamadzi. Mukathira wa m'zigubu mumusefe, muzikhetsa madzi m'kapu ya fyuluta yoyamba, ndipo mafyuluta apadera akhale osachepera anayi. Oyilo amasinthidwa pa maola 250 aliwonse kapena kamodzi pachaka. Impeller (kagudumu ka labala kokhala ndi mapiko) ya pampu yamadzi ozizira muziisintha chaka ndi chaka. Mukapeza kuti phiko lina laduka, lifufuzeni mpaka mulipeze polowera choziziritsira injini, apo ayi injini izitenthabe ngakhale mwaika yatsopano. Zitseko za injini zili panja kumbuyo. Fungo la dizilo silifika m'zipinda, koma kulowamo nyanja itakalipa n'koopsa, choncho zoyendera zonse muzichita musananyamuke.

Saildrive, mwendo wotsikira m'madzi womwe umalumikiza injini ndi propela, ndiyo imafuna diso. Oyilo wake akayamba kuoneka ngati mkaka, madzi alowa, ndipo nthawi zambiri wolakwa ndi ulusi wa mbedza womwe wakulungika kuseri kwa propela n'kudya malabala otsekera. Muzimira ndi galasi kukaona. Mwendo wake ndi wa aluminiyamu, choncho musaupake penti yoletsa ndere yokhala ndi kopa, ndipo ma anode, zitsulo zomwe zimadyeka m'malo mwa mwendowo, asinthidwe akadyeka theka.

Kulemera kumasintha botili kuposa china chilichonse. Madzi ndi dizilo zokha, matanki atadzaza, zimapitirira makilogalamu 1,350. Onjezani jenereta, kaboti kakang'ono ndi injini yake, masilinda osambira pansi pamadzi, makina ochapira ndi chakudya cha mwezi, mupeza pansi pa balaza patsikira pafupi ndi madzi, kumenya kuja kwachuluka, liwiro latsika. Ngati muli ndi makina osandutsa madzi amchere kukhala akumwa, yendani ndi theka la tanki. Pa magetsi, mafiriji ndi autopilot (makina owongolera boti okha) ndizo zimadya kwambiri. Denga lili ndi malo okwanira masola a mawati pafupifupi 1,000, ndipo amenewo pamodzi ndi mabatire a lithium amachepetsa kwambiri maola a jenereta.

Ambiri mwa maboti amenewa omwe ali pamsika anachokera kobwereketsa, atagwira ntchito zaka zingapo m'manja mwa anthu osiyanasiyana. Mtengo umatsika, koma musagule popanda katswiri woyendera yemwe mwamulemba inu nokha, ndipo boti litulutsidwe m'madzi. Aone zipsepse ndi matsigiro ngati zinagundapo miyala, ayeze chinyezi mozungulira zitsulo zonse zomangidwa padenga, ayang'ane zaka za mawaya a mlongoti popeza a inshuwalansi ambiri amafuna asinthidwe akakwana zaka 10. Mawindo aakulu a pabalaza ndi omatidwa ndi guluu, monga zilili pa ma catamaran ambiri amasiku ano, ndipo dzuwa limadya guluuyo pakapita zaka. Wina aime panja ndi payipi athire madzi m'mphepete mwa windo lililonse kwa mphindi zingapo, inu muli mkati ndi tochi, mutachotsa makushoni.