Galaja ya ku Mungwi Road imene inalimbitsa ekiselo ya Hilux yanga

Hilux yanga ndi ya 1994, ya injini ya dizilo ya 2.8, ndipo ndi imene imadyetsa banja langa. Kawiri pamwezi ndimapita kwathu ku Katete kukatenga mtedza ndi nyemba zodzagulitsa ku msika wa Soweto mu Lusaka. Amene amayenda mu Great East Road akudziwa mmene mapiri a Manenekela amazunzira galimoto yolemedwa, osanenanso misewu ya m'midzi nthawi ya dzinja.

Chaka chatha gudumu lakumbuyo chakumanzere linayamba kutota ndi oyilo wa difu, bokosi la magiya la pakati pa ekiselo limene limagawa mphamvu ku magudumu. Ndinasinthitsa silu (labala yotchinga oyilo kuti asadonthe) katatu, bering'i kawiri, koma pakangopita miyezi iwiri oyilo uja wayambanso, mpaka kunyowetsa mabuleki. Matayala nawo ankangodyeka mkati mokha. Kulikonse kumene ndinkapita ankangochotsa chakale n'kuika chatsopano, ine n'kulipira.

Mnzanga amene amayendetsa Land Cruiser ku Mfuwe ndiye anandilozera galaja ina yaing'ono ku mafakitale, cha ku Mungwi Road. Mkulu wa amakanika pamenepo ndi bambo wachikulire wa ku Chadiza, moti tinamvana chinenero tisanayambe n'komwe za galimoto. Chimene chandilembetsa zonsezi n'chakuti bamboyu sanandiuze kuti ndigule kanthu tsiku loyamba. Anasolola mashafuti onse awiri, zitsulo za mkati mwa ekiselo zozunguza magudumu, n'kuchotsa mutu wa difu, kenako analowetsa chitsulo chachitali chowongoka m'chikhungwa cha ekiselo, kuchokera mbali ina kukatulukira mbali inzake. Anandiitana kuti ndisuzumire ndekha. Kumanzere chitsulocho sichinali pakati. Chikhungwa chinali chitapindika, pang'ono zedi moti ndi maso simungaone, koma kokwanira kupha silu iliyonse imene mungaikemo.

"Achimwene," anatero, "pa galimoto yanuyi shafuti imagwira ntchito ziwiri, kuzunguza gudumu ndi kusenza katundu. Land Cruiser ya anzanu aja katundu amakhala pa habu, pomangirira gudumu paja, shafuti imangozunguza basi. Musamadziyerekeze nawo."

Ntchito yowotcherera ndinaionerera ndekha masana onse. Atawongola chikhungwacho pa puresi, anadula chitsulo chochindikala n'kuchigoneka pamwamba pake, kuchoka pafupi ndi sipuling'i ina kufika pa inzake, ngati mtanda wa denga. Mnyamata wowotcherera sankathamanga. Amawotcherera kachigawo kotalika ngati chala kumanzere, n'kudumphira kumanja, n'kusiya kuti chizizire chokha, osathira madzi. Nditafunsa chifukwa chake, anandiuza kuti chitsulo chikatentha mbali imodzi chimakoka pozizira, ndipo munthu wowotcherera mzere wonse nthawi imodzi amapinda ekiselo imene amati akuilimbitsa. Atamaliza analowetsanso chitsulo choyezera chija. Chinali pakati mbali zonse. Paipi ya mabuleki anaisuntha bwino kuti isamakhuzane ndi chitsulo chatsopanocho.

Mabering'i ndi kolala yake, mphete yogwira bering'i pa shafuti, anaziika ndi puresi, osati ndi hamala monga ndinaonera kwina. Anapezanso kuti kabowo kopumira ka difu kanali katatsekeka ndi matope. Oyilo akatentha, mpweya wa mkati umasowa kotulukira ndiye umakankha oyilo kudzera pa silu. Anaikapo kapaipi n'kukakweza mpaka pansi pa bodi kuti madzi asalowe ndikamaoloka mitsinje. Kanthu kotchipa kwambiri pa ntchito yonse, koma palibe anali atakayang'anapo.

Panalinso nkhani ya mutu wa difu. Wanga unkalira, ndiye ndinali nditagula wina wogwiritsidwa kale ntchito. Bambo aja anawerenga mano ake n'kupeza 43 pa giya yaikulu ndi 10 pa yaing'ono, pamene difu yanga ndi ya 41 ndi 9, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Anakana kuuika. Anati magiya akasiyana chonchi, mukalowetsa 4x4 magudumu akutsogolo ndi akumbuyo amalimbana, ndipo chimene chimavutika ndi transfer case, bokosi logawa mphamvu ya injini kutsogolo ndi kumbuyo. Akanatha kungomanga n'kulandira ndalama zawo, ine sindikanadziwa mpaka dzinja. M'malo mwake anakonza mutu wanga wakale, anaika mabering'i atsopano, n'kupaka utoto pa mano kuti aone pamene magiya akugundana asanamange. Kulira kuja kunachepa kwambiri, ngakhale sikunatheretu, ndipo iwo anali atandichenjeza kale zimenezo.

Zodandaula zilipo. Anandilonjeza masiku atatu, galimoto inakhala masiku 9, ndipo ulendo umodzi wa ku Katete unandipita. Foni sayankha akakhala pansi pa galimoto, muyenera kupita nokha. Mtengo sanandilembere papepala poyamba, ndiye zida zitawonjezeka tinakambirana nthawi yaitali tisanagwirizane. Zonse pamodzi zinapitirira pang'ono mtengo wa matayala awiri atsopano. Mukapitako, pemphani alembe chilichonse ntchito isanayambe.

Tsiku lotenga galimoto anandifunsa matumba amene ndimanyamula. Ndinanena zoona, kuti nthawi zina amafika 30 a makilogalamu 50. Anapukusa mutu. Anati galimotoyi inapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, ndipo chitsulo chimene aikacho chikuteteza chikhungwa chokha, pamene shafuti, mabering'i, mabuleki ndi chesisi zikadali zomwe zija. Mawu amenewa anandilowa, chifukwa ndinaonapo galimoto itathyoka shafuti pafupi ndi Kacholola, gudumu lili kwalokha m'tchire, anthu atakhala m'mbali mwa msewu kudikira thandizo usiku wonse. Tsopano ndimalekeza pa matumba 20, otsalawo ndimatumiza pa lole.

Anandiuza kuti ndibwerere ndikayenda makilomita 500 kuti akamangenso ma U-bolt atsopano, mabauti omangirira ekiselo ku sipuling'i, chifukwa amamasuka akakhazikika. Ndinapita, anamanga, anayang'ana oyilo, ndipo sanandilipiritse. Papita miyezi 7, maulendo a ku Katete opitirira khumi, dzinja lonse lili momwemo. Mkati mwa magudumu onse awiri ndi mouma, ndipo matayala akudyeka mofanana.