Kukonza Zilolezo za Foda ya WindowsApps: icacls, System Restore, kapena Kuikanso Windows Pamwamba pa Yakale

Malaputopu angapo amene afika m'manja mwanga kuno ku Luchenza anabwera ndi matenda amodzi: Calculator, Photos ndi Microsoft Store zimangophethira kamodzi n'kudzitseka zokha. Ndikafunsa mofatsa, mwini wake amavomera kuti anafuna kusuzumira m'foda yobisika ya C:\Program Files\WindowsApps, momwe mumakhala mapulogalamu amenewa, kompyuta inamukaniza, ndipo iye analanda umwini wa fodayo ndi lamulo la takeown. Mwini weniweni wa fodayi ndi TrustedInstaller, akaunti ya Windows yomwe, imene inabwera ndi Windows Vista, ndipo pulogalamu iliyonse ya m'menemo ili ndi zilolezo zakezake zimene sizifanana ndi za inzake. Mfundo imeneyi ndiyo imasiyanitsa njira zonse zokonzera.

Njira ya icacls, lamulo la Windows losinthira zilolezo za mafayilo ndi mafoda, ndi imene ambiri amathamangira, chifukwa siidya bandulo ngakhale pang'ono ndipo imatha m'mphindi zochepa. Ngati munangosintha umwini wa foda yapamwamba yokha, osakhudza za m'kati, ndi bwino kutsegula Command Prompt monga woyang'anira kompyuta, kuchotsa chilolezo chimene munadzipatsa, kenako kubwezera umwini ndi icacls /setowner kwa "NT SERVICE\TrustedInstaller". Koma chonde samalani ndi icacls /reset /t, lamulo limene anthu amapatsirana ngati mankhwala a matenda onse. Lamuloli silibwezera zilolezo zimene zinalipo poyamba ayi. Limafufuta zilolezo zapadera za pulogalamu iliyonse n'kuikapo zotengera kwa foda yapamwamba, kotero kuti vuto lomwe linali pakhomo pokha limalowa m'zipinda zonse. Zomwezi zimachitika munthu akachonga kabokosi kolamula kuti zilolezo zatsopano zifike ku mafoda onse a m'kati. Ubwino weniweni wa icacls uli pa /save ndi /restore, koma zimenezi zimathandiza yekhayo amene anasunga zilolezo asanayambe kugwiragwira.

Za sfc /scannow ndi DISM sinditaya nazo nthawi. Ntchito yake ndi kukonza mafayilo a Windows amene awonongeka, osati kulembanso zilolezo za WindowsApps.

System Restore imaposa icacls pamene chionongeko chalowa m'kati, chifukwa imabwezera kompyuta momwe inalili tsiku lina lapitalo popanda kukhudza zithunzi ndi makalata anu. Zofooka zake ndi ziwiri. Pamakompyuta ambiri imapezeka yozimitsa, ndiye palibe tsiku loti mubwerereko, komanso nthawi zina imalephera pa foda yomweyi ya WindowsApps n'kuonetsa nambala ya 0x80070091. Ndi yoyenera kuiyesa, koma si yoti muikepo mtima wonse.

Kwa ine, njira yodalirika zilolezo za m'kati zikasokonekera ndi kuikanso Windows pamwamba pa yakale. Mumatenga ISO (fayilo imodzi yokhala ndi zonse zoikira Windows) yochokera ku Microsoft, yofanana chinenero ndi mtundu ndi Windows imene muli nayo, mumatsegula setup.exe muli m'kati mwa Windows momwemo, ndipo mumasankha kusunga mafayilo ndi mapulogalamu. Mtengo wake ndi wooneka: ISO ya Windows 11 imaposa 5 GB, ndipo kwa munthu wa ku Thekerani kapena ku Limbuli amene amadalira bandulo ya foni, imeneyi ndi ndalama yoti aiganizire kawiri. Mwayi wake ndi woti ISO imodzi ya pa fulashi ingathe kuchiritsa makompyuta ambiri, choncho mphunzitsi kapena kalaliki wa ku esiteti ya tiyi angathe kubwereka kwa mnzake. Ntchito yoikanso Windows imatha kutenga ola kapena kuposerapo, ndipo sindilola aliyense kuiyamba ndi batire yofooka pa tsiku limene magetsi akuthimathima, pakuti kuzima pakati pa ntchito kumabala vuto loposa loyamba lija.

Reset this PC, njira yobwezera Windows ngati yatsopano, ndimaisiya kumapeto penipeni. Imasunga mafayilo anu mukasankha motero, koma imachotsa mapulogalamu onse amene munaikamo nokha, kuphatikizapo Office ndi a pulinta. Amene akadali pa Windows 10 akumbukirenso kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwaulere pa 14 Okutobala 2025. Ngati laputopu yawo ikukwanitsa zofunika za Windows 11, ndi bwino 5 GB imeneyo ipite ku ISO ya Windows 11.